Mbiri Yathu Tikuigulitsa pa Kilo

Mu Epulo, sukulu zitatseka, ndinapita kumudzi kukathandiza amayi kukolola chimanga. Pobwerera ndinaima pa Katete Stores kuyembekeza basi ya ku Chipata, ndipo poti basi inachedwa, ndinayamba kuyendayenda kuseri kwa mashopu. Ndinatulukira pa bwalo lina la anyamata ogula zitsulo zakale. Mabwalo amenewa mukuwadziwa, m'komboni iliyonse alimo: sikelo yopachika pamtengo, mulu wa mapoto obooka, mafuremu a njinga, masipuling'i a motoka, ndi tiana tobwera ndi misomali m'kathumba ka shuga kuti tipezeko ya zitumbuwa.

Tsikulo pansi pa sikelo panali gudumu lalikulu lachitsulo, la penti wobiriwira, litasweka pakati. Pambali pake panali zidutswa za injini imene anaiphwanya ndi hamala yaikulu kuti izitheka kuipachika pa sikelo. Ndinaidziwa nthawi yomweyo. Pa chivundikiro chake panali chipsera cha kuwotcherera, chokhota ngati chikwakwa, ndipo chipsera chimenecho ndinali kuchiona mlungu uliwonse kwa zaka zitatu ndili mwana wa sukulu.

Inali injini ya Lister ya silinda imodzi, imene inali kupopa madzi kuchoka ku damu kupita mu thanki pa sukulu yogonera imene ndinaphunzirako. Dzina la sukuluyo ndilisunga, chifukwa amene anaigulitsa sanachite chachilendo. Anachita zimene tonse timachita. Woyang'anira injiniyo anali mdala wina amene tonse tinali kuwatchula kuti amalume a ku pampu. Ukalakwa m'kalasi, chilango chinali kusenza chigubu cha dizilo kupita nacho ku damu, ndipo ine ndinali kulakwa dala. Amalume anali kupukusa chogwirira, magudumu awiri aja n'kuyamba kuzungulira, kenako n'kugwetsa kachitsulo kena ka pambali, injini n'kutsokomola kamodzi, kawiri, n'kuyamba kugunda: thu, thu, thu, mosathamanga, ngati amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi. Madzulo ukamva kugunda kumeneko uli ku hositelo, unali kudziwa kuti m'mawa usamba.

Ndinafunsa mnyamata wa pa sikelo kuti anaigula zingati. Ndalama imene ananditchulira siikwana matumba awiri a feteleza. Ataona nkhope yanga anadabwa, n'kunena kuti, "Akulu, nanga si chitsulo chabe ichi?"

Mnyamatayo ndilibe naye mlandu. Akusakira ana ake ndiwo, ndipo nchito yake ndi yoyera kuposa ya ena ovala tayi. Mlandu ndili nawo ndi ife amene tinapita ku sukulu, aphunzitsi, makhansala, abusa, akuluakulu a maofesi, amene timasaina mapepala ogulitsa zinthu zotere popanda kufunsa funso ngakhale limodzi. Ndife amene tinamuphunzitsa mnyamatayo kuti ndi chitsulo chabe.

Kuti muone chimene chinandiwawa, lolani ndikutengereni kutali pang'ono, kwa anthu amene anatsala pang'ono kutaya makina awo a madzi ngati ife, koma anadzidzimuka nthawi ikalipo. M'zaka za m'ma 1850 mzinda wa London unali ndi vuto limene aliyense wokulira m'komboni alidziwa mvula ikagwa. Zam'chimbudzi zonse zinali kuthera mu mtsinje wa Thames, ndipo mu mtsinje womwewo ndi mmene makampani anali kutunga madzi akumwa. Kolera inapha anthu oposa 14,000 mu 1848 ndi 1849, n'kubweranso mu 1853 ndi 1854 kudzatenga ena oposa 10,000. Mu 1854 dokotala John Snow anatsata maliro khomo ndi khomo m'dera la Soho, napeza kuti ambiri mwa akufawo anali kumwa madzi a pa mjigo umodzi wa mu Broad Street, ndipo anachititsa kuti chogwirira cha mjigowo chichotsedwe. Koma andale sanasunthe kwenikweni mpaka nyengo yotentha ya 1858, pamene mtsinje unanunkha koopsa moti aphungu analephera kukhala bwino m'nyumba ya malamulo, imene ili m'mbali mwa mtsinjewo. Fungo litafika pamphuno za mabwana, ndalama zinapezeka m'masabata ochepa. Khalidwe limenelo ndiye silinasinthe, kulikonse padziko.

Injiniya Joseph Bazalgette anakumba ngalande zikuluzikulu zapansi zotengera zonyansazo kunja kwa mzinda. Koma madzi sakwera chitunda okha. Kumapeto kwa ngalande ya kum'mwera kwa mtsinje, pamalo otchedwa Crossness, anamanga nyumba ya mapampu imene inatsegulidwa mu Epulo 1865, ndipo anaikamo injini zinayi za nthunzi zopangidwa ndi kampani ya James Watt. Iliyonse ili ndi gudumu lolemera matani 52 ndi mtanda wachitsulo wa matani 47.

Manambalawo asakuopseni. Ngati munapopapo madzi pa mjigo, injini imeneyi mukuidziwa kale. Mjigo uli ndi chogwirira chotsamira pa chitsulo. Mukatsitsa mbali yanu, mbali inayo imakweza ndodo imene ili m'chitsime, madzi n'kukwera. Mtanda wa matani 47 uja ndi chogwirira chomwecho. Kusiyana kwake n'kwakuti pamalo pa mkono wa mlongo wanu pali pisitoni, ndipo pisitoniyo imakankhidwa ndi nthunzi. Madzi akawira n'kusanduka nthunzi amafuna malo ochuluka kuposa ka 1,600 poyerekeza ndi amene anali nawo ali madzi, n'chifukwa chake chivundikiro cha poto chimavina nyemba zikamabwata. Tsekerani nthunziyo mu boila yolimba, muitsegulire kanjira kolowa mu silinda, ikankha chilichonse chimene yachipeza kutsogolo. Gudumu lalikulu lija nchito yake ndi kusunga liwiro, kuti makina asamachite kudzidzimuka pakati pa kukankha kumodzi ndi kwina. Nzeru yonse ndi imeneyo. Mwana wa giredi 8 akhoza kuimva m'mphindi khumi ngati chinthucho chili patsogolo pake.

Injinizo zinasewenza mpaka m'zaka za m'ma 1950, mapampu atsopano atazilanda nchito. Kenako kunachitika zimene tizidziwa bwino kuno kwathu. Nyumba inasiyidwa, akuba anazula mkuwa wonse umene anatha kunyamula, dzimbiri n'kuyamba kudya zotsala. Chimene chinapulumutsa injinizo ndi kulemera kwake: kuziphwanya kunali kodula kuposa kungozisiya. Mu 1987 kunakhazikitsidwa bungwe la anthu odzipereka, osalipidwa, amene anafukula mchenga umene unathiridwa m'mapampu, n'kupala dzimbiri chidutswa ndi chidutswa. Mu 2003 injini imodzi, yotchedwa Prince Consort, inazunguliranso ndi nthunzi. Lero anthu amalipira pakhomo, ana a sukulu amabwera ndi aphunzitsi awo, kudzaona makina amene nchito yake inali kukweza matuvi a mzinda. Sanachite nawo manyazi. Amadziwa kuti agogo awo anasiya kufa ndi kolera chifukwa cha nchito yonyansa imeneyo.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukufuna kundiyankha, chifukwa mnzanga wa ku yunivesite anandiyankha kale pa WhatsApp nditamutumizira chithunzi cha gudumu losweka lija. Anati, "Iwe, zimenezo n'za azungu. Makina amenewo anabwera ndi atsamunda kudzatidyera. Asungunulidwe, atipangire makasu." Mawuwa amakoma m'kamwa, ndipo mbali ina ndi oona. Makina a nthunzi sanabwere kuno okha. Anabwera ulendo umodzi ndi mfuti, msonkho wa nyumba ndi chikwapu.

Koma mukadzadutsa pa Mwami n'kufika ku Mangochi m'dziko la Malawi, mukalowe m'nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum. Muli injini ya nthunzi ya m'nthawi ya Mfumukazi Victoria yomweyo, imene inali kuyendetsa sitima ya pamadzi yotchedwa Chauncy Maples, ya mishoni ya Anglican ya UMCA. Sitimayo inapangidwa ku Glasgow, n'kuphwasulidwa m'zidutswa 3,481, zimene zinabwera pa nyanja yamchere, n'kukwera mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Pa mathithi a Shire boti silidutsa, choncho katundu anayenda pamitu ya anthu. Boila yokha sinatheke kuigawa. Inali yolemera matani 11. Anaiika pa ngolo yaikulu, ndipo amuna 450 achingoni anaikoka mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kukwera zitunda, kuwoloka makwawa, tsiku lathunthu kuyenda makilomita asanu chabe. Sitima inalowa m'madzi mu Juni 1901.

Werengani zakazo bwino. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anawomberedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1898. Pasanathe zaka zitatu, Angoni ena tsidya la malire anali pa chingwe, akukoka boila ya mishoni ngati ng'ombe za pagoli. Dzina la bishopu amene sitima inatchulidwa nalo lili m'mabuku. Dzina la kampani ya ku Glasgow lili m'mabuku. Amuna 450 aja anangotsala nambala. Ndiye ndimufunse mnzanga uja: chitsulo chimenecho n'cha yani? Cha amene anachijambula pa pepala ku Ulaya, kapena cha amene chinawasupula mapewa? Ukasungunula injini ngati imeneyo sunamulange mtsamunda. Iye zake analemba kale, zili m'malaibulale a kwawo. Wafafaniza umboni umene mdzukulu wa mtengatenga akanaugwira ndi dzanja n'kumva yekha kulemera kwake.

Kuno ku Zambia tili nawo malo otere amene tingawanyadire, Railway Museum ya ku Livingstone, m'mashedi akale a kampani ya Zambezi Sawmills, imene njanji yake inali kututa mitengo ya mukusi kuchokera ku Mulobezi. Muli mitu ya sitima ya nthunzi, ina ya m'zaka za m'ma 1890. Mutu umodzi wa pa njanji imeneyo unatengedwa ndi wojambula zithunzi wa ku Britain, David Shepherd, m'zaka za m'ma 1970, ndipo uli ku England mpaka lero, pansi pa denga. Koma Livingstone ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Katete. Mwana wa ku Vubwi adzafikako liti? Mwa nyumba zisanu za boma zosungiramo zakale, ya ku Livingstone, Lusaka, Ndola, Mbala ndi Choma, palibe ngakhale imodzi imene ili kuno kum'mawa.

Kuno kwathu tikati chikhalidwe timaganiza ng'oma. Mu Ogasiti tonse timathamangira ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ine sindiphonya. Mu 2005, pamene UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi, tinanyada, ndipo tinayenera kutero. Koma penapake m'njira tinameza bodza lakuti chathu ndi kuvina, makina ndi a ena. Bodza limeneli atsamunda analikonda kwambiri, chifukwa munthu amene wavomera kuti mbali yake ndi kuvina chabe safunsa kuti fakitale n'ya yani.

Makolo athu anali anthu a chitsulo. Mpwitikizi Antonio Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wochoka ku Tete kupita kwa Kazembe, analemba za mmene anthuwo anali kusungunulira chitsulo ndi kusula makasu. Anali kutenga mwala, malasha ndi mvukuto wa chikopa, n'kutulutsa khasu. Funsani lero m'mudzi mwanu ngati alipo amene angamange ng'anjo yoteroyo n'kutulutsa chitsulo mu mwala. Nzeru imeneyo inafa mwakachetechete makasu a m'sitolo atatchipa, ndipo palibe amene anaikhuza maliro. Tinataya kamodzi. Manje tikutaya kachiwiri, ndipo ulendo uno tikuchita kulandira chenji.

Lamulo nalo silitithandiza kwenikweni. Lamulo la mu 1989, limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission, limati chinthu ndi chakale choyenera chitetezo ngati chinamangidwa kapena kusewenzetsedwa tsiku la 1 Januwale 1924 lisanafike. Chobwera pambuyo pake chimadikira kuti nduna ichite kuchilengeza. Zojambula za m'mapanga a Makwe ndi Thandwe zili m'kati mwa mpanda umenewo, ndipo n'zoyenera. Koma taganizani, makina ambiri anafika liti kuno? Mlatho woyamba wa pa Luangwa ndi wa m'zaka za m'ma 1930. Chipatala cha St Francis chinayamba mu 1948. Sinda ndi Vubwi akhala maboma mu 2012. Chigayo choyamba cha m'dera lanu, thirakitala yoyamba ya koparetivu, sikelo ya Namboard, makina a thonje a Lintco, zonsezi ndi ana a dzulo pamaso pa lamulo. Chaka cha 1924 chinaima pamalo amodzi ngati chitsa, zaka zikungopita, ndipo pafupifupi chilichonse chimene agogo athu anachigwira ndi manja a girisi chili kunja kwa mpanda.

Chitsanzo chimene chimandipweteka kwambiri ndi njinga. Dziko lonse limatiseka ife akum'mawa ndi njinga, azimbuya athu Abemba ndiye osanena. M'nthawi ya aKaunda ku Chipata kunali fakitale ya Luangwa Industries, yopanga njinga za Eagle. Ku Mansa anali kupanga mabatire, ku Livingstone kulumikiza motoka za Fiat, ku Kapiri Mposhi mabotolo, ku Mwinilunga zinanazi za m'zitini. Mukhoza kutsutsana mpaka kucha ngati mafakitale a boma amenewo anali nzeru kapena kumwaza ndalama. Inenso ndili ndi maganizo anga pa zimenezo. Koma analipo, ndipo anthu a mtundu wathu anali kudzuka m'mawa kukayatsa makinawo. Ndinafunsa kalasi langa la giredi 11, ana okulira mu Chipata momwemo, ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika, ngati akudziwa kuti tauni yawo inali kupanga njinga. Manja atatu ndi amene anakwera. Mnyamata wina kumbuyo anaseka, kuyesa ndikuchita nthabwala. Mwana amene sakhulupirira kuti kwawo kunapangidwapo njinga, mumuuza bwanji kuti iye akhoza kupanga chinthu?

Pali funso lina lovuta kuposa la mnzanga wa pa WhatsApp, ndipo sindingalizembe chifukwa linachokera kwa amayi anga. Nditawafotokozera pa foni, anati, "Mwanawe, anthu akumwa madzi pamodzi ndi ng'ombe, iwe ukulira chitsulo chakufa?" Amayi sananame. Mu Januwale 2023 kolera inabuka ku Vubwi. Kumapeto kwa chaka chomwecho inagwira Lusaka, bwalo la mpira la Heroes n'kusanduka chipatala, anthu oposa 700 n'kumwalira m'dziko lonse, ndipo ife aphunzitsi tinakhala kunyumba mpaka pa 12 Febuluwale 2024 kudikira kuti sukulu zitsegulidwe. Matenda amene London inathana nawo ndi njerwa ndi nthunzi zaka zoposa 150 zapitazo akutiphabe. Ngati kwacha ili imodzi, ipite ku mjigo watsopano, isapite ku penti wa injini yakufa. Pamenepo ine ndi amayi sitikangana.

Koma tayendani m'midzi ya ku Sinda kapena ku Vubwi, muone mijigo imene inaima, udzu utamera pa simenti. Si yonse imene inauma. Ina inafa ndi tcheni, ina ndi bering'i, ina ndi kalabala ka mu silinda kotchipa kuposa bandulo ya intaneti ya mwezi umodzi. Wothandiza anabwera, anakumba, anajambulitsa, anapita. Mjigo utafa, mudzi unabwerera kudambo kukadikira wothandiza wina. Makina timalandira ndithu. Amene akutichepera ndi anthu osaopa kuwatsegula m'mimba.

Amalume a ku pampu analibe digiri. Lister ija anaiyendetsa zaka zoposa makumi awiri. Gasiketi ikatha anali kudula ina pa katoni yolimba. Anali kukhazika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira pa khutu, n'kudziwa chimene chikudwala m'kati. Chipsera chokhota chija chinali chawo: chivundikiro chitang'aluka, anachinyamula pa njinga mpaka kwa wowotcherera ku boma, madzulo madzi anali akutuluka m'mipope. Nzeru yotere siigwa kumwamba. Imamera pamene mwana waima pafupi ndi makina amene akutha kuona mmene akuyendera, pali wamkulu womulola kugwira sipanala. Injini ya mtundu umenewo inapangidwa ku Dursley, m'dziko la England, kuyambira cha m'ma 1930 mpaka 1987, ndipo ku Rajkot, m'dziko la India, akupangabe makope ake. Amwenye nawo analamulidwa ndi atsamunda omwewo, zaka zambiri kuposa ife. Sanati ndi chitsulo cha azungu. Anaimasula, anaipima, anaikopera, lero akutigulitsa. Ngakhale mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri ya mu Africa, unayambira pafupi pompa ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mwa anthu amene anafuna mjigo woti mudzi uzitha kukonza wokha.

Ine ndimaphunzitsa sayansi. Chaka chilichonse ndimajambula pa bolodi injini ya masitiroko anayi: kukoka mpweya, kuupanikiza, kuphulika, kutulutsa utsi. Ana amakopera, amaloweza, amakhoza mayeso, ndipo ambiri a iwo sanaonepo pisitoni ndi maso. Injini imene inaphwanyidwa ija inali yoposa buku lililonse limene lili m'kabati yanga. Ya silinda imodzi, yoyenda pang'onopang'ono, ziwalo zake zikuluzikulu zoti mwana akhoza kuloza ndi chala. Injini ya motoka ya masiku ano ukatsegula boneti umapeza pulasitiki ndi mawaya, umafunika kompyuta kuti ikuuze chimene chavuta. Makina akale ndi amene amavomera kuphunzitsa.

Ndipo asakunamizeni kuti nthunzi ndi nkhani yakale. Mu 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, malaiti akuzima mpaka maola 20 pa tsiku, mbali ina ya magetsi ochepa amene tinali kuwaona inali kuchokera ku Maamba, kumene amawotcha malasha a mu mgodi, kuwiritsa madzi, nthunzi n'kumazungulitsa makina a mamegawati 300. Ku Nakambala amawotcha makoko a nzimbe kuchita chimodzimodzi. Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi mwina yatchajidwa ndi mdzukulu wa injini za ku Crossness. Amati tsobola wakale sawawa. Uyu akuwawabe.

Sindikunena kuti chitsulo chilichonse chisungidwe, dziko lingadzaze ndi dzimbiri. Poto wobooka apite ku ng'anjo akabwere ngati chitsulo chomangira nyumba. Osula athu akhala akusandutsa masipuling'i a motoka kukhala nkhwangwa kuyambira kalekale, ndipo imeneyo ndi nzeru yoyenera ulemu. Amene amazula mawaya a magetsi ndi mitu ya mijigo yamoyo usiku, amenewo ndi akuba, nkhani yawo ndi ya apolisi. Ine ndikukamba za chimodzi pa zana: chimene chinali choyamba m'dera, chimene chatsala chokha, kapena chimene chinamwetsa sukulu yonse madzi kwa zaka makumi atatu.

Chimenecho sichifuna nyumba ya magalasi. Chifuna shedi ya malata pa sukulu imodzi ya sekondale ku Katete, ina ku Sinda, ina ku Vubwi, pansi pa simenti, pakhomo loko. Thumba la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mbali ina ya ndalamazo ndi yophunzitsira achinyamata maluso. Shedi imene ndikunena ndi kalasi ya maluso. Amene akufuna kuitcha dzina lina aitche. Ofesi iliyonse ya boma kapena ya mpingo isanaitane lole ya ogula zitsulo, iyambe yafunsa sukulu yapafupi ngati ikufuna kusankhapo kanthu. Izi sizifuna ngwee ngakhale imodzi, zifuna kalata chabe. Mafumu athu amadziwa kuteteza manda ndi madambwe, palibe amene amayerekeza kudula mtengo kumeneko; mawu omwewo akhoza kuteteza chigayo choyamba cha m'dera lawo.

Inu anzanga a mafoni, mbali yanu ndi yosavuta kuposa zonse, ndipo ndi imene ikutha msanga. Chitsulo chimadikira, dzimbiri limadya pang'onopang'ono. Munthu sadikira. Agogo amene anayendetsa chigayo cha dizilo, amene anasewenza kopuntha thonje, amene analumikiza njinga ku fakitale ya ku Chipata, amene anabwera kuchokera ku migodi ndi chifuwa ndi bokosi la masipanala, akupita mmodzimmodzi, ndipo pamaliro awo timangowerenga chaka chobadwa ndi chiwerengero cha zidzukulu. Tsiku lonse mumajambula za pa TikTok. Khalani nawo pakhonde ola limodzi, muwafunse kuti makinawo anali kuyatsidwa bwanji, anali kulira bwanji akadwala, anadula chala cha yani, malipiro anali zingati. Mudzadabwa kuti mdala amene mumamuona ngati wongokhala padzuwa ali ndi injini yathunthu m'mutu.

Tsiku lija, basi isanafike, ndinagula zimene thumba langa linakwanitsa: pisitoni, ndodo yake, ndi kachikwangwani ka mkuwa kokhala ndi nambala ya injini. Mnyamata uja anandipimira pa sikelo, n'kukweza mtengo ataona kuti ndazikonda, ndipo sindinanenerere. Zili m'kabati ya mu labu. Teremu ino pisitoni inazungulira kalasi lonse dzanja ndi dzanja, ana akuyesa kulemera kwake, akulowetsa zikhadabo m'mizere ya maring'i. Mtsikana wina wa kutsogolo, amene sayankhula kawirikawiri, anafunsa kuti mizereyo nchito yake n'chiyani, ndipo tinathera piriyodi yonse pa funso limenelo, silabasi ili pambali.

Amalume a ku pampu ali moyo. Ndinafunsafunsa, ndamva kuti ali kwa mwana wawo wamkazi kufupi ndi Sinda. Maso anachita khungu koma mutu uli bwino. Loweruka likubwerali ndikwera basi ya m'mawa, m'chikwama muli pisitoni, foni yodzaza moto ndi paketi ya shuga. Pisitoniyo ndidzawaika m'manja. Za kumene ndinaipeza, sindinasankhebe ngati ndidzawauza.